Foni Ili ndi Mdzukulu, Koma Opatsa Mwana Mankhwala ndi Ambuya

Pa tsiku la sikelo yang'anani bwino mzere wa pa kiliniki iliyonse muno m'Chipata, ngakhale ku Katete kapena ku Petauke. Pakati pa atsikana obereka ana ao oyamba mudzaona amai a imvi, mwana wina kumsana, wina kudzanja, makadi ali m'kathumba ka pulasitiki. Amenewa ndi ambuya, ndipo ena ndi azakhali kapena amai aang'ono. M'zaka za m'ma 1990 cimene cinali kuwasiyira ana ndi maliro a AIDS. Maliro aja anacepako kuyambira pamene ma ARV anayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za boma mu 2005, koma ana sanaleke kufika kwa ambuya. Mai wace wa mwana ali pa nchito ya m'nyumba ku Lusaka, kapena ali pa ulendo wokaoda katundu ku Nakonde, kapena wabwerera kusukulu, kapenanso ukwati unatha.

Masiku ano kwabwera nzeru yakuti olera ana aziphunzira za kaleredwe pa foni. A WHO ndi a UNICEF, pamodzi ndi mayunivesiti ena, ali ndi maphunziro ochedwa Parenting for Lifelong Health, ndipo mbali yace ina, ParentText, ifika kwa kholo ngati mauthenga a pa WhatsApp. Ine nzeruyi sindiitsutsa. Munthu amene ali ndi ana asanu pakhomo ndi thebulo la tomato pamseu sangapeze masiku atatu okhala m'holo kumvetsera maphunziro. Koma tiyeni tifunsane moona mtima: m'nyumba za m'komboni mwathu, foni yokhoza kutsegula intaneti ili m'manja mwa yani? Ili ndi mdzukulu wa giredi 11, kapena ili ndi mai wa mwana uja amene ali kutali. Ambuya ali ndi kafoni ka mabatani, ndipo nthawi zambiri maso afooka kotero kuti ngakhale uthenga wa ndalama awawerengera ndi wina. Motero phunziro lipita kwa munthu amene sagwira supuni, ndipo wogwira supuni atsala ndi zimene anaphunzira zaka 30 zapitazo.

Sindikunena kuti ambuya sadziwa kulera. Analera ife. Koma mankhwala anasintha, ndipo palibe amene anakhala nao pansi kuwauza. Pa nthawi yao mwana akatentha thupi anali kumupatsa chloroquine. Mankhwala amenewo analeka kupha tizilombo ta malungo, ndipo mu 2002 dziko lathu linasankha Coartem m'malo mwace. Coartem aperekedwa mwana atapimidwa magazi pacala, kuculuka kwa mapilisi kudalira kulemera kwa mwana, ndipo amwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, pamodzi ndi mkaka kapena phala la nsinjiro kuti alowe bwino m'thupi. Ambiri aleka pa tsiku laciwiri poona kuti mwana wayamba kusewera, nasunga otsalawo kuti adzathandize mng'ono wace. Mwanayo abwera kucipatala patapita masabata awiri, magazi atacepa. Aspirin nayenso, pamodzi ndi mapilisi a mutu a pa kantemba amene ali ndi aspirin mkati, si wopatsa mwana wotentha thupi.

Pa kutsegula m'mimba ambuya ambiri awadziwa Madzi a Moyo, paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi abwino. Cimene sanamve ndi cakuti tsopano tionjezapo mapilisi a zinc kwa masiku 10 kufikira 14, ngakhale m'mimba mutaleka pa tsiku lacitatu, cifukwa zinc athandiza kuti matendawo asabwerere msanga. Flagyl wogula pamsika sacita nchito imeneyi. Katemera nayenso anaonjezeka. Wa cikuku sathera pa miyezi 9, pali waciwiri pa miyezi 18, ndipo ameneyu ndiye aphonyedwa kwambiri cifukwa ndi pa msinkhu umenewu pamene mai aletsa mwana kuyamwa ndi kukamtula kwa ambuya, kadi n'kutsala m'cikwama ku Lusaka.

Koma nkhani imene indiwawa kwambiri ndi ya ana akumwa ma ARV. Mai asiya mwana ndi botolo la mapilisi, nauza amace kapena apongozi ace kuti ndi mavitamini, cifukwa aopa kunenedwa. Kodi ndani angadzuke m'mamawa tsiku ndi tsiku cifukwa ca mavitamini? Botolo likatha, latha. Ambuya akapita kumaliro kumudzi sabata lathunthu, botolo litsala pa windo. Pamene mankhwala adumphidwa motere kacilombo kaculukanso m'magazi, ndipo kakhoza kuzolowera mankhwalawo kotero kuti sagwiranso nchito. Komatu mankhwala a ana a masiku ano si obvuta ngati akale aja owawa osungidwa m'firiji. Dolutegravir wa ana asungunuka m'madzi pang'ono ndipo amwedwa kamodzi pa tsiku. Cofunika n'cakuti mwana azipimidwa pa sikelo, cifukwa akakula mlingo wa mankhwala ukwera. Zonsezi ambuya angazikwanitse bwino lomwe, malinga auzidwe zoona. Inu amai amene musiya ana, ngati pakamwa palemera, bwerani nao ambuyawo kukiliniki, aphungu adzakuthandizani kuwauza m'cipinda cotseka. Palibe uthenga wa pa foni umene ungakucitireni nchito imeneyi.

Tsono foni ithandize bwanji? Maganizo anga ndi akuti phunziro lizibwera ndi mau olankhula, m'Cinyanja, m'Cinsenga kapena m'Citumbuka, osati zolemba za Cizungu. Uthenga wa mphindi ziwiri wojambulidwa ndi namwino wa pa kiliniki yao, amene ambuya amudziwa nkhope, uposa kanema wa dokotala wa kunja. Mdzukulu mwini foni autsegule madzulo pamene nsima ili pamoto, onse amvere pamodzi. Makomiti a zaumoyo a m'makomboni alipo kale, ndipo adziwa nyumba iliyonse imene muli ana opanda makolo ao pafupi. Iwo angasonkhanitse olera khumi kamodzi pa mwezi, foni imodzi pakati, namvera phunziro limodzi ndi kufunsana mafunso. Kumeneko ambuya apezanso anzao a mtolo umodzimodzi, cifukwa kulera mnyamata wa zaka 15 uli ndi zaka 68 ndi nkhondo imene munthu safunika kumenya yekha. Ifenso a m'zipatala tiyenera kufunsa pa kadi iliyonse kuti, “Kodi mwanayu agona kwa yani?” ndi kulemba nambala ya munthu ameneyo, osati ya mai amene ali pa mtunda wa makilomita 500.

Inu amene muli kutali ndipo mutumiza ndalama pa foni, tumizaniponso cithunzi ca kadi ya sikelo, masamba onse, ndipo muziimba pa tsiku lokatenga mankhwala. Koma cenjerani ndi zimene mutumizira ambuya kucokera m'magulu a WhatsApp. M'menemo muli anthu ogulitsa mankhwala ocotsa kacilombo m'thupi ndi ena oletsa katemera, ndipo ambuya akamva kuti uthenga wacokera kwa mwana wao wa m'tauni aukhulupirira kuposa mau a namwino. Za akuba aja olemba kuti “tumizani ndalama pa nambala iyi” muwacenjezenso, cifukwa okalamba ndiwo agwidwa msanga.

Thandizo lina silifuna intaneti konse. Nambala 116 ndi ya Childline, iimbidwa kwaulere ngakhale pa kafoni ka mabatani, ngati mwana agwiriridwa, amenyedwa kapena wathawa panyumba. Ndalama za Social Cash Transfer, zimene zinayambira ku Kalomo mu 2003, zipita ku mabanja osauka kuphatikizapo a okalamba, ndipo njira yace iyambira ku komiti ya m'dera lanu ndi ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu. Kuyambira mu 2022 sukulu za boma salipiritsa mpaka giredi 12, ngakhale yunifomu ndi nsapato zikali pa msana wa ambuya.

Pali zizindikiro zimene sizidikira kuti mdzukulu abwere ndi foni. Mwana akakana kumwa kapena kuyamwa, akasanza ciliconse, akakomoka kapena kugwedezeka thupi, akagona osadzuka bwino, kapena akapuma mofulumira nthiti zili kulowa mkati, mubwere naye nthawi yomweyo, ngakhale usiku, ngakhale kadi mulibe. Ndipo inu ambuya, pamene mwafika kale pa kiliniki, pemphani kuti akupimeni BP ndi shuga. Matenda awiriwa akhala m'thupi zaka osamveka kuwawa, ndipo kupima kwace sikutenga mphindi khumi.