Aphunzitsi Athu, Tsikirani ku Thambani Pamodzi

Pamene Yunivesite ya Malawi inagawidwa m'chaka cha 2021, a zaumoyo napita ku KUHeS, amisiri ku MUBAS, ena natsala ku UNIMA ku Zomba, a zaulimi a ku Bunda atapatuka kale kukhala LUANAR mu 2012, ambiri anaomba m'manja poyembekeza kuti sukulu iliyonse idzakula payokha. Koma ine ndikuopa kuti nzeru za zamoyo, zimene Namalenga anaziluka pamodzi, tikuziduladula tokha, aliyense nalondera gawo lake mwansanje.

Talingalirani za banja la ku Thambani, m'boma la Mwanza, kufupi ndi malire a Mozambique. Nkhalango ya kumeneko ikutha ndi makala, ndipo mitengo ikatha mitsinje imaphwa msanga, madzi natsala m'zithaphwi momwe udzudzu umaswana. Manachesi amene anatchukitsa Mwanza akafooka ndi matenda, ndalama yogulira ndiwo imasowa, ndipo mwana wonyentchera, malungo akam'peza, sachedwa kum'gwetsa. Kodi tsoka lotere tilipereke kwa dokotala, kwa mlangizi wa zaulimi, kapena kwa katswiri wa nkhalango? Ndi la onsewo, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Wina asanene kuti nzosatheka. Pafupi pomwepa, m'midzi yozungulira Majete, ofufuza a College of Medicine anagwirizana ndi anzawo a ku Wageningen ndi Amsterdam, odziwa za udzudzu ndi odziwa za thupi la munthu nakhala pa mphasa imodzi ndi eni mudzi, kuyesa ngati kutseka mipata ya pansi pa denga ndi kupha mphutsi za udzudzu m'zithaphwi kungachepetse malungo. Chondiwawa nchakuti ndalama zotisonkhanitsa chotere zinachokera kutsidya kwa nyanja, ngati kuti ife eni dziko sitingaitanane popanda mlendo.

Chifukwa chake ndikudandaulira inu akuluakulu a LUANAR, KUHeS, MUST ndi UNIMA: lekani kukweza mphunzitsi pa udindo poŵerenga mapepala amene analemba yekha m'chipinda chake, mangani malo amodzi ofufuzira ku Thambani, tumizaniko ophunzira anu a zaulimi, a zaumoyo ndi a zachilengedwe kuti akakhaleko dzinja lathunthu, ndipo zimene akapeze akazifotokoze m'Chichewa pa bwalo la amfumu asanapite nazo kumisonkhano ya ku Ulaya.