Wogulitsa mfuti sabwera kumaliro

Abale anga, nkhondo ikabuka timathamangira kufunsa kuti wayamba ndani. Bwanji osafunsanso kuti akudyererapo ndani?

Kuno kumunsi kwa Dedza, ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, nkhaniyi si yachilendo. M'zaka za m'ma 1800, amalonda ochokera kunyanja ya mchere ankabweretsa mfuti ndi onga, n'kumasinthanitsa ndi minyanga ya njovu komanso akapolo. Mfumu yofuna mfuti inkagwira anthu a mnzake. Yopanda mfuti, anthu ake ankagwidwa. Malondawo ndiwo ankasonkhezera moto.

Dzanadzanali, nkhondo ya ku Mozambique ya 1977 mpaka 1992 inathamangitsira kuno anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ena n'kudzakhala ku Dedza konkuno. Komatu ma AK-47 aja sankasulidwa ku Tete ayi.

Ngakhale Dwight Eisenhower, pulezidenti wa America yemwenso anali mkulu wa asilikali, anachenjeza mu 1961 kuti makampani opanga zida angakule mphamvu mpaka kumapotoza mfundo za boma. Fakitale ya zipolopolo imafuna makasitomala, basi.

Ndiye mwana akamasirira mfuti za m'mafilimu, muuzeni zoona: wogulitsayo amawerenga ndalama, olira maliro ndife.