Kompyuta Sifunsa Kuti "Mwana Wa Yani?"

Tikamva chiganizo chakuti "Naphiri anauza Nabanda kuti mwana wake akudwala," timafunsa kuti mwanayo ndi wa yani. M'Chichewa timasiya mawu ambiri osatchula chifukwa womvera amadziwa nkhani, ndipo akasokonezeka amafunsa. Mu 1987 Joan Bresnan ndi Sam Mchombo anaonetsa kuti kachizindikiro ka pamtherankhani m'mneni, monga "mu" mu "ndinamuona," kamagwira ntchito ya mlowam'malo. Womvera ndiye amapeza amene akunenedwayo. Koma kompyuta sifunsa, ndipo akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Izi ndinaziona patchuthi kwathu ku Nathenje, polembera gulu la banki m'khonde la amayi anga pulogalamu yosunga ngongole m'chiyankhulo cha Java. Mu Java, chimene chinatuluka mu 1995, dzina likalembedwa lokha mkati mwa class, kompyuta imayamba kulifuna pafupi, m'kachigawo kamene mukulembamo. Ikalephera imayang'ana mamembala a class, kuphatikizapo amene class yatengera kwa makolo ake. Ine ndinalemba `ngongole = ngongole`, ndikuganiza kuti dzina loyambalo ndi la membala. Kompyuta inapeza dzina lapafupi kawiri konse, ndipo nambala ya membala inatsala pa 0. Pulogalamu inayenda osadandaula, n'kuonetsa kuti palibe mayi aliyense ali ndi ngongole. Mwamwayi, mlembi wa gulu anali asanataye kope lake.

Python, chimene Guido van Rossum anatulutsa mu 1991, chimachita mosiyana. Dzina lolembedwa lokha silifunidwa pakati pa mamembala a class. Ukafuna membala uyenera kulemba `self.ngongole`, kutanthauza "ngongole ya uyu." Ndikanalakwitsa chimodzimodzi mu Python, membalayo sakanapezeka n'komwe, ndipo pulogalamu ikanaima ndi uthenga wa cholakwika m'malo monama. Mu 2008 Van Rossum anakana maganizo a Bruce Eckel ofuna kuchepetsa `self`, ndipo ine ndikugwirizana naye.

Ena amati kulemba `self` paliponse n'kotopetsa, komanso kuti Java ili ndi `this` kwa wofuna kumveketsa. Zoona, koma chimene sichikakamizidwa chimaiwalika, monga ndinaiwalira ine. Python nayo ili ndi chilema chake: ukalemba `self.ngogole` molakwitsa poika nambala, imangopanga membala watsopano mwakachetechete. Komabe cholakwika chimenechi chimaoneka ndi maso pa tsamba, pamene cha Java chimabisala m'lamulo la kafunidwe ka mayina.

Ife ophunzira ziyankhulo timadziwa kuti kusiya mawu kumatheka pamene womvera angathe kufunsa. Kumsika wa Mitundu, "ndipatseni aja" amamveka chifukwa wogulitsa amakudziwani. Polankhula ndi makina, makamaka pa ndalama za anthu, titchule mwini wa chinthu.