ZA NYIMBO ZATHU: Magitala a Makolo Asathere ku Ciswe

M'nyumba zambiri za m'midzi ya kwa Mpezeni ndi muno mu Chipata muli magitala akale opacikidwa ku khoma. Ambiri a iwo anabwera ndi amuna amene anapita kukagwira nchito ku Salisbury, ku Joni ndi ku Migodi, pamene mzinda uno unali kuchedwa Fort Jameson. Munthu pobwerera kumudzi anali kunyamula bulangete, njinga ndi gitala.

Telala wina wa pa msika wa Kapata, amene amaimba mongodzisangalatsa, wakhala akuyendera okalamba ndi kuwapempha kuti ayeseko magitala ao. Njira yace ndi yoyenera kuidziwa. Poyamba amaika diso ku mutu wa gitala nayang'ana khosi lace monga kalipentala ayang'ana thabwa. Khosi likapindika, nsambo zimatalikira ndipo zala zimapweteka. Kenaka amagogoda bokosi ndi cala: lolimba limayankha momveka, koma long'ambika limalira ngati mbiya yosweka. Akaona ufa wa mtengo ukugwa, amadziwa kuti tizirombo talowa. Nsambo amazikunga pang'onopang'ono, cifukwa guluu wakale akhoza kuleka, kathabwa kogwira nsambo n'kuzuka. Cimene cimamdandaulitsa ndi waya wa mabuleki a njinga. Waya wotere ngwabwino pa banjo ya cigubu, koma ukakhala wonenepa umakoka khosi la gitala yokalamba mopitirira muyeso.

Dzina limene amakumana nalo kawirikawiri ndi Gallotone, magitala amene anali kupangidwa ku South Africa. Anali a mtengo wocepa, oyenera thumba la wanchito. Komabe John Lennon wa gulu la Beatles anayambira pa Gallotone Champion, ndipo gitala yaceyo inagulitsidwa ku London mu 1999 pa mapaundi oposa 150,000.

Gitala ya m'mudzi siingafike pa mtengo umenewo, koma ulemu wace uli pena. Magitala opanda magetsi ndiwo anabala kaimbidwe ka Alick Nkhata, amene anabadwa mu 1922 namwalira mu 1978, ndipo mau ace anamveka ponseponse pa wailesi ya ku Lusaka. Ndiwonso anali m'manja mwa Jean Bosco Mwenda wa ku Katanga pamene Hugh Tracey anajambula nyimbo yace ya Masanga mu 1952. Wofuna kumva mmene makolo anali kuimbira afunika kugwira cipangizo cimene iwo anagwira.

Cotero, inu amene muli ndi gitala yotere, icotseni ku khoma la cinyezi ndi ku utsi wa m'khichini. Masulani nsambo pang'ono, muikulunge m'nsalu, ndipo musaiumike padzuwa. Koposa zonse, funsani mwini wace akali moyo kumene anaigula ndi nyimbo zimene anali kuimba, mulembe. Khosi lopindika mmisiri angaliongole, koma mbiri ikapita ndi mwini wace kumanda siibwerera.