Asanatsitse giyabokosi, ayambe apima mawaya

Motoka zambili zimene timayendetsa mu Lusaka masiku ano ni za automatic. Vitz, Allion, Corolla, Honda Fit: zinabwela kuchokela ku Japan zitayenda kale, zambili zinatsikila pa doko la Dar es Salaam n'kulowela pa Nakonde. Kwa ena a ife motoka ndiye munda, timanyamula nayo anthu pa Yango kuyambila m'mawa mpaka usiku. Koma tsiku limene yakana kusintha magiya, mawu amene timamva m'magalaji ambili ni amodzimodzi: "Bosi, giyabokosi yafa, funani ina." Ife tikuti mawu amenewo asamatuluke pakamwa pa munthu amene sanapime magetsi.

Giyabokosi ya automatic siisintha magiya mwa nzelu zake. Pali kompyuta imene imailamula. Kompyutayo imamvela masensa: ina imaiuza liwilo la motoka, ina imaiuza ngati mwaika pa P, R, N kapena D, ina imaiuza mmene mwapondela mafuta. Ikamva zimenezo imatumiza magetsi ku ma solenoid, tumavalavu totsegula na kutseka njila za oilo mkati mwa giyabokosi. Sensa imodzi ikanama, kapena waya umodzi ukaduka, kompyuta imaleka kukhulupilila zimene ikumva, ndipo imatsekela motoka mu giya imodzi, kawilikawili yachitatu, kuti mufike kunyumba popanda kuwononga zambili. Motoka imalemela ponyamuka pa maloboti, ndipo pa Toyota zambili kanyale ka O/D OFF kamayamba kuthwanima. Woyendetsa amaona ngati zonse zatha, pamene mkati mwa giyabokosi mulibe chothyoka.

Kupima kumayambila pa batile. Injini ili chozima, multimeter ionetse pafupifupi 12.6 volts, injini ikalila, pakati pa 13.5 na 14.5. Alternator yofooka kapena waya wa earth wochita dzimbili zimasokoneza kompyuta mpaka magiya kumalowa mogunda. Batile ikakhala bwino, motoka iikidwe pa makina kudzela pa soketi ya mapini 16 imene ili munsi mwa chiwongolelo.

Apa mpamene ambili amasochela, ngakhale amene ali na makinawo. Khodi imangoloza kumene mungayambe kufufuza. P0700 imangokamba kuti kompyuta ya giyabokosi yaona vuto, pitani mukaifunse. P0720 ikuloza ku sensa ya liwilo lotuluka, P0705 ku switch ya P, R, N na D, P0750 ku solenoid yosintha giya. Koma kuloza ku sensa sikutanthauza kuti sensayo yafa. Vuto lingakhale pa pulagi yake, kapena pa waya pakati pa sensa na kompyuta. Ganizilani madzi amene motoka zathu zimawoloka ku Kanyama na ku Kamwala nthawi ya mvula, na paipi ya ku car wash imene timalola kuti ithile mu injini. Madzi akalowa mu pulagi, mapini amachita dzimbili lobiliwila. Makoswe nawonso amakonda mawaya. Munthu wodziwa nchito amachotsa pulagi, amaiyang'ana, amapima waya mbali zonse ziwili, amapimanso solenoid. Pa Toyota zambili zakale iyenela kuonetsa pakati pa 11 na 15 ohms.

Tumakina totchipa twa Bluetooth tumene timalumikiza ku foni tisatudalile maningi. Twambili tumawelenga za injini chabe, ndipo motoka zina zopangidwila msika wa ku Japan tumalephela kukamba nazo. Kamakina kakati palibe khodi, mwina sikanafike n'komwe ku kompyuta ya giyabokosi.

Wina adzati anasintha giyabokosi ndipo motoka inachila. N'zoona, koma giyabokosi yogula kwa ogulitsa masipeya akale nthawi zambili imabwela na ma solenoid na masensa ake. Mwina chimene chinachilitsa motokayo ni kasensa kokwana m'manja, koma munthu analipila chitsulo chonse na nchito yotsitsa na kukweza. Ndipo ngati vuto linali pa waya wa motoka, giyabokosi yatsopanoyo idzachita chimodzimodzi, ndalama zitapita kale.

Sitikukana kuti magiyabokosi amafa. Oilo ikada bii n'kumanunkha zopsa, mukapeza tuzitsulo mu sampu, injini ikamalila koma motoka osakoka, pamenepo makanika akunena zoona. Enanso amaipha okha pothila ATF wamba mu CVT ya Fit, imene imafuna oilo yakeyake.

Koma kupima ni nchito, ndipo nchito imalipilidwa. Mnyamata amene watha maola awili akulondola waya n'kupeza pini yadzimbili asamauzidwe kuti "sunachite chilichonse" chifukwa sanamasule bawuti. Tikamukana ndalama, mawa nayenso adzayamba kutigulitsa magiyabokosi, popeza ndiwo amalipilitsa bwino. Manje tikapita ku galaji, tifunse nambala ya khodi, tiijambule pa foni asanaifute, ndipo tione na maso athu zimene multimeter yaonetsa pa batile, pa pulagi na pa solenoid. Wokana kutionetsa zimenezi, motoka tiichotse pa galaji yake ngakhale mochita kukoka na chingwe.