Kukonza chikalata cha chikhulupiriro si kugulitsa mpingo

Mu June 2019, nthumwi za mpingo wa Evangelical Free Church of America zidakumana ku Naperville, m'chigawo cha Illinois, ndipo nkhani yomwe idatentha inali ya liwu limodzi basi. Chikalata chawo cha chikhulupiriro chinkati kubweranso kwa Yesu ndi "premillennial", kutanthauza kuti Iye adzayamba wabwera, kenako n'kudzalamulira padziko pano kwa zaka 1,000, monga momwe ena amamvera Chivumbulutso 20. Atsogoleri adapempha kuti liwulo lichoke, palowe "glorious", kungonena kuti adzabwera mu ulemerero. Nthumwi 79 mwa 100 zilizonse zidavomera.

Mwina mukuti, aaa, liwu limodzi lomwelo mpaka kuchita kuyitanirana msonkhano? Eya. Chikalata chotere chili ngati mpanda wa mpingo. Ofuna kudzozedwa ubusa amayenera kuchivomereza chonse. Choncho munthu wokhulupirira Baibulo ndi mtima wonse, koma womva zaka 1,000 zija ngati chiphiphiritso, khomo la ubusa linali lotseka kwa iye. Augustine wa ku Hippo, yemwe mipingo yambiri imamulemekeza, sakadapambana mayeso amenewa. Ngakhalenso Jonathan Edwards, mlaliki wotchuka wa ku America komweko.

Ine ndikuti nthumwizo zidachita bwino, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. Chikalata cha chikhulupiriro si Baibulo. Amalemba ndi anthu, pa nthawi yawo, poyankha mafunso a nthawi yawoyo. Cha mpingowu chidalembedwa mu 1950 pomwe mipingo iwiri ya anthu ochokera ku Sweden komanso ku Norway ndi Denmark inkaphatikizana. Ngakhale Chikhulupiriro cha ku Nicaea cha m'chaka cha 325 chidawonjezeredwa ku Constantinople mu 381. Ngati makolo a mpingo adabwereranso ku zomwe adalemba, ife ndife yani kuti tiziopa kutero?

Komanso si mfundo zonse zomwe n'zolemera mofanana. Utatu wa Mulungu, imfa ndi kuuka kwa Yesu, ulamuliro wa Malemba: izi ndi mizati, ukazula nyumba yagwa. Koma ndondomeko ya zomwe zidzayambe ndi zomwe zidzatsatire pa masiku otsiriza, Akhristu okhwima akhala akusiyana maganizo kwa zaka mazanamazana. Mpingowu sudakane kuti Yesu adzabweranso m'thupi. Udangosiya kuthamangitsa anthu chifukwa cha kalendala.

Tinene zoona, omwe adakana aja sanali ouma mitu ayi. Mantha awo ndi omveka: lero mwachotsa liwu ili, mawa mudzachotsa liti? Ena ankaona kuti chiphunzitso cha zaka 1,000 n'chomangirirana ndi kawerengedwe kawo ka Baibulo lonse, moti kuchimasula n'kutsegulira khomo aliyense womasulira Malemba mmene wafunira. Palinso agogo omwe adamanga matchalitchi ndi ndalama zawo pokhulupirira zomwezo. Kwa iwo, voti ija idawawa.

Yankho la mantha amenewa lili m'njira yomwe idatsatidwa. Pomwe chikalatacho chinkakonzedwa mu 2008, maganizo ochotsa liwuli adabwera, koma zidaoneka kuti mpingo sudakonzeke, ndiye adalisiya momwemo. Padadutsa zaka 11 akukambirana asadavotenso. Ndipo kuti kusintha kutheke, pankafunika awiri mwa atatu alionse, osati kungoposana ndi voti imodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, adatero akuluakulu.

Lamulo la awiri mwa atatuli siliyang'ana nkhope. Mu 2024 ku Indianapolis, nthumwi za Southern Baptist Convention pafupifupi 61 mwa 100 zilizonse zidafuna kuti malamulo awo anene poyera kuti abusa akhale amuna okhaokha. Adali ambiri, koma sadakwane, ndipo kusinthako kudagwa. Kaya mukugwirizana nazo kapena ayi, muona kuti lamulo lomwelo limachedwetsa ofuna kumasula mpanda ndi ofuna kuumangitsa chimodzimodzi.

Choopsa chenicheni si mpingo womwe ukukangana poyera pa zomwe udalemba. Choopsa ndi mpingo womwe chiphunzitso chake chimasintha Lamulungu lililonse malinga ndi zomwe mtsogoleri walota usiku, popanda pepala, popanda voti, popanda wofunsa. Kumeneko kulibe mkangano chifukwa kulibe wololedwa kuyankhula.

Apa ndi pomwe nkhaniyi ikutipeza ife achinyamata. Timakangana mpaka pakati pa usiku m'magulu a WhatsApp za 666, za mkwatulo, za kavidiyo ka pa TikTok kolosera tsiku lomaliza. Koma ndi angati mwa ife adawerengapo chikalata cha mpingo wawo chitulukireni m'kalasi ya ubatizo? Sabata ino kawapempheni abusa kapena akulu a mpingo kuti akuwonetseni. Mukawerenga, mufunse mafunso atatu: adalemba ndani, liti, ndipo ngati mwapezeka cholakwika, chimakonzedwa bwanji? Akakuyankhani kuti zimenezo safunsa, dziwani kuti vuto mwalipeza kale.