Bwalo la ndeke tinamanga, nanga mbeu za alimi zikwera liti?

Mu Ogasiti 2021 boma linatsegula nyumba yatsopano ya apaulendo pa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda mu Lusaka. Nchitoyi inadya madola 360 miliyoni, ngongole yocokera ku banki ya Exim ya ku China. Ngongoleyi tibweza tonse, ngakhale ife amene sitinakwerepo ndeke. Conco mlimi wa ku Chongwe kapena ku Katete ali ndi ufulu wofunsa kuti bwaloli lim'thandiza bwanji kugulitsa mbeu zake.

Yankho lili kumbali ya katundu, kumene ambiri a ife sitifikako. Maluwa, nyemba zaziwisi ndi tucimanga tating'ono zikacoka m'munda, zimafunika kuziziritsidwa tsiku lomwelo. Maluwa amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 4. Pa bwalo katunduyo amapimidwa pa sikelo, amaunikidwa ndi makina, akatswiri a unduna wa zamalimidwe amapereka cikalata cotsimikiza kuti mulibe tizilombo, a ZRA naonso amaona mapepala ao. Kenaka makatoni amasanjidwa pa mathireyi acitsulo ndi kumangidwa ndi ukonde. Katundu akangokhala padzuwa la mu Okutobala kwa maola ocepa, wogula ku msika wa maluwa wa Aalsmeer ku Netherlands amatsitsa mtengo kapena kukana zonse. Amene amaluza ndi mlimi.

Nchito imeneyi si yacilendo kuno. Bungwe la alimi ogulitsa kunja la ZEGA linayamba mu 1984, ndipo linakhazikitsa zipinda zozizira pa bwalo la Lusaka. Koma mavuto anabwera motsatizana. Kampani yakale ya Zambia Airways inatsekedwa mu Disembala 1994. Agriflora, imene inali kugula ndiwo kwa alimi ang'onoang'ono ozungulira Lusaka, inagwa mu 2004 ndipo alimiwo anatsala opanda msika. British Airways inaleka kubwera mu 2013, KLM mu 2014. Izi zinawawa cifukwa katundu wambiri amayenda kunsi kwa ndeke za apaulendo. Lero katundu wopita ku Ulaya amadzera ku Dubai, Doha, Addis Ababa kapena Nairobi, ndipo wina amayamba ndi ulendo wa pamseu kupita ku Johannesburg. Paliponse pamene katundu atsitsidwa, mtengo umakwera ndipo masiku amatha.

Cifukwa cake n'cosavuta kumva. Mwini ndeke ali ngati mwini lole: safuna kubwera wopanda kanthu kapena kubwerera theka. Ku Nairobi ndeke za katundu zimanyamuka tsiku ndi tsiku cifukwa mafamu a ku Naivasha amadzaza makatoni caka conse. Kuno katundu ndi wocepa, mafuta a ndeke amacokera kutali popeza tilibe doko, motero mtengo wa kilo iliyonse umakwera. Mtengo ukakwera alimi amaleka kulima, katundu n'kucepera-cepera. Cilala ca 2024 cinaonjezera vuto lina: madzi atatsika ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri, ndipo cipinda cozizira copanda magetsi ndi nkhokwe wamba.

Ife tikuona zinthu zitatu zofunika. Coyamba, a Zambia Airports Corporation ndi boma acepetse zolipiritsa za katundu wopita kunja ndi kuonetsetsa kuti zipinda zozizira sizizima. Caciwiri, oyang'anira tizilombo ndi a msonkho azipezeka usana ndi usiku, pakuti ndeke sidikira ofesi kutsegula. Cacitatu cili kwa ife alimi. Munthu wa hekitala imodzi sangadzaze thireyi ya ndeke, komanso sangalipire yekha ziphaso zimene masitolo a ku Ulaya amafuna. Mutu umodzi susenza denga. Magulu a alimi amene tili nao kale m'midzi ndi m'maparishi angathe kugwirizana pa mbeu imodzi, kusunga mabuku a mankhwala amene athira, ndi kupanga pangano lolembedwa ndi wogula asanabzale.

Aphungu athu akabwera kudzacititsa misonkhano, tiwafunse matani a mbeu amene anatuluka pa bwaloli caka catha, ndi kuti angati mwa iwo anacokera kwa alimi ang'onoang'ono. Nambala imeneyo ndiyo itiuze ngati ngongole ija ikutigwirira nchito.